Giovanni Battista de Rossi, Mkhristu Wamba Amene Anapeza Manda a Apapa Akale

Lamulungu limene wansembe wasankha Pemphero Loyamba la Ukaristia, pamamveka mndandanda wa mayina a oyera. Akatha atumwi pamabwera mayina monga Sixtus, Cornelius, Cyprian ndi Lawrence, ndipo chakumapeto pamatchulidwa Cecilia, nkhoswe ya makwaya ambiri. Mayinawa amadutsa msanga, ndipo ambiri amangodikira kuti pemphero lipitirire. Zaka 200 zapitazo, ngakhale ku Roma komweko, panalibe amene akanatha kuloza malo enieni pamene Papa Sixtus II kapena Papa Cornelius anaikidwa. Amene anawapeza malowo sanali wansembe kapena episkopi. Anali mkhristu wamba, bambo wapabanja, amene digiri yake inali ya zamalamulo.

Giovanni Battista de Rossi anabadwira ku Roma pa 23 Febuluwale 1822. Anaphunzira ku Collegio Romano, sukulu ya Ajezuiti, kumene anazama m'Chilatini ndi Chigiriki, kenaka anachita zamalamulo pa yunivesite ya Sapienza kuyambira 1840 mpaka 1844. Atamaliza sanapite kubwalo la milandu. Analembedwa ntchito m'nyumba yosungiramo mabuku ya ku Vatican, yowerenga ndi kulongosola mabuku akale olembedwa pamanja, ndipo anakhalabe wa m'nyumbayo moyo wake wonse. Ali wophunzira anadziwana ndi Bambo Giuseppe Marchi, Mjezuiti amene ankayang'anira manda akale a akhristu, ndipo ndiwo anayamba kutsika naye pansi pa nthaka.

Manda amenewa, otchedwa catacombs, ndi misewu yopapatiza yokumbidwa pansi kunja kwa malinga a Roma, popeza lamulo la Aroma silinkalola kuika maliro m'kati mwa mzinda. Nthaka ya kumeneko ndi mwala wofewa wochokera ku mapiri ophulika, wosavuta kusema koma wolimba ukakhudzana ndi mpweya. Adzukulu a nthawi imeneyo ankasema mashelefu m'makoma, nkugoneka mtembo wokulungidwa m'nsalu, nkutseka ndi njerwa kapena mwala wolembedwa dzina. Malo akatha ankakumba chotsika, mpaka misewu inasanjikizana. Nkhani yakuti akhristu ankakhala m'menemo pobisala imakoma m'mafilimu, koma si momwe zinalili. Awa anali manda, boma linkawadziwa, ndipo anthu ankapitako kukaika maliro ndi kukapemphera pa tsiku lokumbukira womwalira.

Chimene chinachititsa kuti aiwalike ndi nkhondo. Adani atawononga madera ozungulira Roma kangapo, apapa a m'zaka za m'ma 700 ndi 800 anasamutsira mafupa a amaritiri m'matchalitchi a m'kati mwa mzinda. Papa Paschal I anasamutsa ochuluka kwambiri m'chaka cha 817. Mafupa atachoka, anthu analeka kupitako, makomo anakwiririka, pamwamba pake panamera minda ya mpesa. M'chaka cha 1578 anthu okumba mchenga pa msewu wa Salaria anaboola manda ena mwangozi, ndipo Antonio Bosio anathera zaka zambiri akuyendamo ndi kujambula zimene ankaona. Koma amene anabwera pambuyo pake ambiri ankafuna mafupa oti atumize m'matchalitchi a ku Ulaya, ndipo ankachotsa miyala yolembedwa nkukaimata m'makoma a nyumba zina popanda kulemba kumene aichotsa. Cholinga chinali chachipembedzo, koma umboni wambiri unasokonezeka. Mwala wochotsedwa pamalo pake umangotchula dzina la munthu, sungathenso kunena pamene anagona kapena amene anagona naye pafupi.

De Rossi anayambira kumene ena sankayang'anako, m'mabuku. Anasonkhanitsa timabuku ta m'zaka za m'ma 600 tolembedwa kuti titsogolere alendo obwera kudzapemphera ku Roma, tofotokoza kuti ukatulukira chipata chakuti, nkutsata msewu wakuti, kudzanja lamanja upeza manda a woyera wakuti. Anawerenganso mndandanda wosungidwa ku Monza wa mafuta amene anatapidwa m'nyali za pa manda a amaritiri nkuperekedwa kwa Mfumukazi Theodelinda m'nthawi ya Papa Gregory Wamkulu. Anazindikira kuti mayina a pamndandandawo ali m'magulu motsata misewu imene wotapayo anayenda. Poyerekeza zonsezi anafika pa mfundo yotsutsana ndi zimene anthu ankakhulupirira kwa zaka mazana. Ambiri ankati manda a Callixtus, kumene apapa akale anagona, ali pansi pa tchalitchi cha Sebastian Woyera pa msewu wa Appia. Iye anati ayi, ali pa msewu womwewo koma chakufupi ndi mzinda.

M'chaka cha 1849, ali ndi zaka 27, anali m'munda wa mpesa wa m'dera limenelo pamene anaona chibenthu cha mwala wa nsangalabwi. Panali zilembo za NELIUS ndi liwu lakuti MARTYR. Kwa munthu wina chikanakhala chibenthu chabe. Iye ankadziwa kuchokera m'timabuku tija kuti Cornelius anaikidwa pafupi kwambiri ndi apapa anzake, choncho anapita kwa Papa Pius IX kukawapempha kuti agule mundawo. Papa anamuseka kuti akulota, komabe ndalama anapereka. Pa 6 Januwale 1852 anakhazikitsanso bungwe loyang'anira zofukula zakale za Mpingo, limene likugwirabe ntchito mpaka lero. M'chaka chomwecho okumba anafika pa manda ena pansi pa munda uja, ndipo anapeza mbali yotsala ya mwalawo. Inali ndi chiyambi cha dzina ndi zilembo ziwiri zoimira udindo wa episkopi. Zibenthu ziwirizo zinalumikizana bwinobwino.

Cornelius ameneyu anakhala Papa zaka ziwiri zokha, kuyambira 251 mpaka 253, koma pa nthawi yowawa. Mfumu Decius inali italamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma, ndipo akhristu ambiri anagonja chifukwa cha mantha. Mazunzo atatha ankafuna kubwerera. Wansembe wina wophunzira kwambiri, Novatian, anati anthu otere asalandiridwenso. Cornelius anati alandiridwe akalapa ndi kuchita zowalipiritsa, ndipo amene anaima naye mwamphamvu anali Cyprian, episkopi wa ku Carthage kumpoto kwa Africa. Cornelius anafera kumene anathamangitsidwira, ku Centumcellae, ndipo thupi lake linabwera ku Roma pambuyo pake. Pakhoma la pafupi ndi manda akewo akhristu a m'zaka zapambuyo anajambula awiriwa ataima limodzi, ngakhale Cyprian anaikidwa kwawo ku Africa. Mpingo umawakumbukira tsiku limodzi, pa 16 Sepitembala.

Chachikulu chinadza mu 1854. Pochotsa dothi, okumba anafika pa khoma lodzaza ndi mapemphero amene alendo akale anakanda ndi tizitsulo, ena opempha Sixtus kuti awakumbukire. De Rossi anadziwa kuti pamene anthu alemba chotere ndi pakhomo la malo oyera. Kuseri kwake kunali kachipinda kodzaza zinyalala ndi zibenthu. Atazisanja, panatuluka mayina olembedwa m'Chigiriki, chinenero chimene Mpingo wa ku Roma unkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo: Anterus, Fabian, Lucius ndi Eutychian, apapa a m'zaka za m'ma 200. Panalinso zibenthu zoposa 100 za mwala waukulu umene Papa Damasus, amene analamulira kuyambira 366 mpaka 384, anaikapo ndakatulo yolemekeza ogona m'menemo. Mawu ake De Rossi ankawadziwa kale kuchokera m'mabuku a anthu amene anawakopera mwalawo usanasweke, ndipo zilembo zake zinali za mtundu wapadera wa mlembi wa Damasus, Filocalus, kotero anatha kuubwezeretsa chibenthu ndi chibenthu. M'kachipinda kameneka ndimo munaikidwa Sixtus II, amene asilikali a Mfumu Valerian anamugwira ali ndi akhristu ake kumanda nkumupha pa 6 Ogasiti 258, patatsala masiku anayi kuti dikoni wake Lawrence aphedwenso. Pafupi pomwepo panapezeka chipinda chimene alendo akale ankalemekezamo Cecilia. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho Pius IX anatsikira yekha m'mandamo, ndipo atawerenga mayina a amene anakhala pa mpando wake zaka 1,600 m'mbuyomo, anagwetsa misozi.

Chimene chimamusiyanitsa De Rossi ndi ofukula ambiri a m'mbuyo mwake ndi kudziletsa. Munthu wokonda Mpingo wake akanatha kuona maritiri pa manda alionse. Iye ankafuna kudziwa kaye chaka. Aroma ankatchula chaka ndi mayina a akuluakulu awiri a boma osankhidwa chaka chimenecho, choncho anasonkhanitsa miyala yonse ya akhristu yokhala ndi mayina otere nkuisanja motsata zaka. Buku loyamba la ntchitoyi linamalizidwa mu 1861. Atatero anatha kuona momwe kalembedwe ndi mawu a pamanda zinkasinthira m'kupita kwa nthawi, nkugwiritsa ntchito zimenezo poyeza miyala yopanda chaka. Pa mwala wa Fabian, mwachitsanzo, zilembo zonena kuti anali maritiri zinasemedwa pambuyo pake, mosazama ngati zinazo, ndipo zoterezi iye ankazilemba monga zilili. Mchimwene wake wamng'ono, Michele Stefano, katswiri wa za miyala ndi nthaka, ndiye ankayeza misewu ya pansiyo ndi kujambula mapu ake. Zotsatira zake zinatuluka m'mabuku atatu akuluakulu otchedwa La Roma sotterranea cristiana, mu 1864, 1867 ndi 1877, komanso m'magazini imene anaiyambitsa mu 1863 ndi kuilemba pafupifupi yekha kwa zaka 30.

Nchifukwa chake anthu osakhala Akatolika ankamukhulupirira. Sukulu ya akatswiri ya ku Berlin itayamba kusonkhanitsa zolembedwa zonse za Chilatini za pamiyala, inamuitana kuti agwire ntchito ndi Theodor Mommsen ndi Wilhelm Henzen. Mommsen, mwana wa mbusa wa Chilutera, sankakonda ulamuliro wa apapa ngakhale pang'ono, koma awiriwa analemekezana kwa zaka 40. Ndipo De Rossi sanalondole pa zonse. Ankaganiza kuti Mpingo unkatha kukhala ndi manda m'nthawi ya mazunzo chifukwa boma linkauona ngati bungwe lothandizana pa maliro. Mnzake Louis Duchesne, wansembe wa ku France, anakayikira zimenezi, ndipo akatswiri ambiri apambuyo anagwirizana ndi Duchesne. Izi sizinawalepheretse kusindikiza limodzi mndandanda wakale wa masiku a amaritiri mu 1894.

Kunyumba, anakwatira Costanza mu 1861. Anabereka ana aakazi awiri, ndipo woyamba anamwalira ali wamng'ono mu 1864, chaka chimene buku loyamba la manda lija linatuluka. Asilikali a ufumu wa Italy atalanda Roma pa 20 Sepitembala 1870, iye anakhalabe wokhulupirika kwa Papa, koma sanakane kuthandiza akuluakulu a mzinda pa ntchito yoteteza zinthu zakale. Mu 1893 anafa ziwalo mbali imodzi. Papa Leo XIII anamupatsa malo m'nyumba ya apapa ku Castel Gandolfo, ndipo anamwalirira komweko pa 20 Sepitembala 1894.

Ophunzira ake, monga Orazio Marucchi ndi Mariano Armellini, anaphunzirira m'mandamo, nyali ili m'manja, ndi pa misonkhano imene ankachita naye. Sukulu yeniyeni inadza mu 1925, pamene Papa Pius XI anakhazikitsa ku Roma sukulu ya ukachenjede ya zofukula zakale za Chikhristu. Imalandira anthu amene ali kale ndi digiri, ansembe ndi akhristu wamba omwe, ndipo amaphunzira kuwerenga miyala, mapu a manda, zithunzi za m'makoma ndi mamangidwe a matchalitchi akale a maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, mpaka digiri ya udokotala. Manda a Callixtus, amene misewu yake imakwana makilomita pafupifupi 20, kuyambira 1930 amawayang'anira ndi a Salesian a Don Bosco, chipani chomwecho chimene chili ku Area 23 ku Lilongwe. Mwala wa Cornelius unabwezeretsedwa pa manda ake, ndipo mng'alu wa pamene zibenthu za 1849 ndi 1852 zinakumana ukuonekabe.