Hubert Opperman

Sir Hubert Ferdinand Opperman (29 Meyi 1904 – 18 Epulo 1996), amene anthu ankangomutchula kuti Oppy, anali katswiri wa mpikisano wa njinga, wandale komanso kazembe wa dziko la Australia. Anatchuka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 chifukwa chopalasa njinga mitunda italiitali usana ndi usiku osapuma. Anapambana mpikisano wa Bol d'Or mu 1928 ndi wa Paris–Brest–Paris mu 1931, yonse ya ku France. Atasiya mipikisano anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kwa zaka 17, ndipo ali nduna yoona za anthu olowa m'dziko, boma linayamba kufewetsa malamulo amene ankaletsa anthu osakhala azungu kukhazikika ku Australia. Iye ndi mmodzi mwa anthu oyambirira kulembedwa mu Sport Australia Hall of Fame, bungwe lolemekeza akatswiri a masewera a dzikolo.

Ubwana wake

Opperman anabadwira m'tauni yaing'ono ya Rochester, m'chigawo cha Victoria. Makolo a bambo ake anali ochokera ku Germany. Banja lawo linali losalemera ndipo linkasamukasamuka potsata ntchito, mpaka iye anakakulira mumzinda wa Melbourne. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yotumikira ku nyuzipepala, kenako analembedwa ntchito ku positi ofesi yoperekera matelegalamu pa njinga. Ntchito imeneyi ndi imene inamuzoloweretsa kukhala pa chishalo tsiku lonse.

Mu 1921 anamaliza pa nambala 3 pa mpikisano wina wa pamsewu, ndipo mphoto yake inali njinga ya mtundu wa Malvern Star. Mwini sitolo yopanga njingazo, Bruce Small, anachita naye chidwi ndipo anamulemba ntchito. Kuyambira pamenepo Small ndiye ankayendetsa zonse zokhudza mipikisano ya Opperman. Mgwirizanowu unapindulira onse awiri. Opperman anapeza njinga zabwino ndi womulipirira maulendo, pamene dzina la Malvern Star linafalikira m'dziko lonse chifukwa cha kupambana kwake. Mu 1928 anakwatira Mavys Craig, ndipo anabereka mwana wamwamuna ndi wamkazi.

Kutchuka ku Australia

Opperman anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa pamsewu kanayi: mu 1924, 1926, 1927 ndi 1929. Pa nthawiyo mipikisano yambiri ya ku Australia inkakonzedwa mwakuti opalasa ofooka ankanyamuka poyamba, ndipo akatswiri ankanyamuka pomalizira kuti awathamangire anzawowo. Chifukwa cha dongosololi, ulemu waukulu unkapita kwa amene wayenda mtunda wonse pa nthawi yochepa kuposa onse, ngakhale asafike poyamba. Pa mpikisano wochokera ku Warrnambool kukafika ku Melbourne, mtunda woposa makilomita 250, Opperman anatenga ulemu umenewu katatu. Mu 1927 anapambananso Dunlop Grand Prix, mpikisano wa masiku angapo wozungulira chigawo cha Victoria.

Ulendo wa ku France wa 1928

Nyuzipepala za ku Melbourne zinayambitsa ntchito yosonkha ndalama kuti atumize timu ku Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga pa dziko lonse. Anasankhidwa anthu anayi: Opperman monga mtsogoleri, Percy Osborn, Ernie Bainbridge ndi Harry Watson wa ku New Zealand. Iyi inali timu yoyamba ya anthu olankhula Chingelezi kuchita nawo mpikisanowu. Anayenda pa sitima ya pamadzi kwa masabata angapo kuti akafike ku Ulaya.

Chaka chimenecho mpikisano unali ndi zigawo 22 ndipo mtunda wonse unaposa makilomita 5,300. M'zigawo zambiri matimu ankanyamuka paokhapaokha, timu iliyonse n'kumalimbana ndi wotchi. Pa mpikisano wotere opalasa amasinthana kukhala kutsogolo, chifukwa wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo pamene akumbuyo amapumako. Matimu akuluakulu a ku Ulaya anali ndi anthu ochuluka kuwirikiza kawiri, choncho anthu anayiwo ankatopa msanga. Bainbridge anasiyira panjira chifukwa cha kuvulala ndi kudwala, ndipo atatu otsalawo anapitiriza. Mwa anthu 162 amene anayamba, 41 okha ndi amene anafika ku Paris. Opperman anamaliza pa nambala 18, Watson pa 28 ndipo Osborn pa 38. Amene anapambana anali Nicolas Frantz wa ku Luxembourg.

Chimene chinamutchukitsa kwambiri ku France ndi mpikisano wa Bol d'Or, umene unachitika chaka chomwecho pa bwalo la Buffalo ku Paris. Opalasa ankazungulira bwalo kwa maola 24, aliyense akutsogoleredwa ndi njinga zopalasa anthu awiri zimene zinkamutchinjiriza ku mphepo. Mpikisano utangoyamba, tcheni cha njinga ya Opperman chinaduka, ndipo cha njinga yake yachiwiri chinadukanso. Iye ndi Small ankakhulupirira kuti wina anachita kupala matcheniwo ndi tupa kuti aduke. Pamene zinthu zinkakonzedwa, anzake anali atamusiya kutali. Opperman anapalasa maola 17 osatsika pa njinga, anawapeza onse ndipo anapambana atayenda makilomita 950. Maola 24 atakwana sanaime, koma anapitiriza kwa ola lina ndi mphindi zingapo kuti akwanitse makilomita 1,000 ndi kuphwanya rekodi ya mtunda umenewo. Pambuyo pake owerenga nyuzipepala ya zamasewera ya L'Auto anamuvotera kukhala wamasewera wokondedwa kwambiri wa chaka chimenecho. Kuchokera nthawi imeneyo ankakonda kuvala kachipewa ka Chifalansa kotchedwa beret, ndipo anthu ankamudziwira komweko.

Paris–Brest–Paris ndi marekodi ena

Mu 1931 anabwereranso ku Tour de France ndipo anamaliza pa nambala 12, ngakhale kuti anavutika ndi matenda a m'mimba. Chaka chomwecho analowa mpikisano wa Paris–Brest–Paris, umene pa nthawiyo unkachitika kamodzi pa zaka khumi. Opalasa ankachoka ku Paris kupita ku Brest, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, popanda zigawo kapena nthawi yoikika yogona. Kunagwa mvula ndipo kunali mphepo yamphamvu. Chakumapeto Opperman anathawa gulu n'kutsogola yekha, koma anzake anamupeza atatsala pang'ono kulowa mu Paris. Ngakhale zinali choncho, anawaposa liwiro pa bwalo lomalizira ndipo anapambana pa maola 49 ndi mphindi 23.

M'zaka zotsatira anaika mtima pa marekodi a mtunda wautali, amene munthu amapalasa yekha. Mu 1934 anadutsa chilumba chonse cha Britain kuchokera ku Land's End, kummwera, kukafika ku John o' Groats, kumpoto, pa masiku awiri, maola 9 ndi mphindi imodzi. Chifukwa cha ulendowu analandira mphoto ya Bidlake, imene imaperekedwa kwa wopalasa njinga amene wachita bwino koposa ku Britain m'chakacho.

Mu 1937 anadutsa dziko la Australia kuchokera ku Fremantle, kumadzulo, kukafika ku Sydney, kummawa, mtunda woposa makilomita 4,000, pa masiku 13, maola 10 ndi mphindi 11. Njira yake inadzera m'chigwa chouma cha Nullarbor, kumene kunalibe msewu wa tala, ndipo m'malo ena a mchenga ankachita kunyamula njinga pa phewa. Mu 1940, pa bwalo la njinga la ku Sydney, anapalasa kwa maola 24 ndipo anaphwanya marekodi oposa 100 pa ulendo umodzi womwewo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa gulu la asilikali a ndege la Australia ndipo anatumikira mpaka 1945. Nkhondo itatha anali atapitirira zaka 40, ndipo posakhalitsa anasiyiratu mipikisano.

Ndale

Opperman analowa chipani cha Liberal, chotsogoleredwa ndi Robert Menzies. Pa chisankho cha 1949 anaimira dera la Corio, kumene kuli mzinda wa mafakitale wa Geelong, ndipo anagonjetsa John Dedman, amene anali nduna m'boma la chipani cha Labor. Anasunga mpandowu mpaka 1967. Pa chisankho cha 1963 anagonjetsa Bob Hawke, amene patapita zaka 20 anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo.

Mu 1955 anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti aphungu a boma akupezeka m'Nyumba ya Malamulo ndi kuvota mogwirizana. Kuyambira 1960 mpaka 1963 anali nduna ya zamtengatenga ndi sitima za pamadzi. Mu Disembala 1963 anakhala nduna yoona za anthu olowa m'dziko, ndipo anagwira ntchitoyi kwa zaka zitatu.

Unduna umenewu ndi umene unkayendetsa ndondomeko yotchedwa White Australia, imene inayamba ndi lamulo la 1901 ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu osachokera ku Ulaya asakhazikike m'dzikomo. Mbiri ya Opperman pa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mu 1965 unduna wake unalamula kuti Nancy Prasad, mtsikana wamng'ono wa ku Fiji wa makolo achimwenye amene ankakhala ndi abale ake ku Sydney, abwezedwe kwawo. Anthu ambiri anadandaula, ndipo Charles Perkins, womenyera ufulu wa Aaborijini, anamulanda mwanayo pa bwalo la ndege kwa maola ochepa pofuna kuonetsa dziko nkhanza za lamuloli. Boma silinasinthe maganizo ndipo mwanayo anatumizidwa ku Fiji. Analoledwa kubwerera mu 1973, boma litasintha.

Mbali yachiwiri inaoneka mu Malichi 1966, Harold Holt atalowa m'malo mwa Menzies. Opperman analengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti anthu osachokera ku Ulaya amene ali ndi maphunziro ndi luso lofunika aziloledwa kudzakhazikika ku Australia. Analengezanso kuti anthu otere azitha kupempha unzika atakhala m'dzikomo zaka 5, osati zaka 15 monga kale. Kusinthaku sikunathetse tsankho lonse, chifukwa azungu ankapatsidwabe mwayi waukulu, koma akatswiri a mbiri yakale amakuona ngati chiyambi chenicheni cha kutha kwa ndondomekoyi. Boma la Gough Whitlam ndi limene linaithetseratu mu 1973.

Mu 1967 Opperman anatula pansi uphungu ndipo anatumizidwa ku Malta monga kazembe woyamba wa Australia m'dzikolo, limene linali litangolandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Anakhalako mpaka 1972. Buku la mbiri ya moyo wake, Pedals, Politics and People, linatuluka mu 1977.

Ulemu ndi Sport Australia Hall of Fame

Opperman analandira mendulo ya OBE mu 1953, ndipo mu 1968 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Mu 1991 anapita ku France pa chikondwerero cha zaka 100 za mpikisano wa Paris–Brest–Paris ndipo mzinda wa Paris unamupatsa mendulo ya golide.

Bungwe la Sport Australia Hall of Fame linakhazikitsidwa mu Disembala 1985 kuti lisunge mayina ndi mbiri za anthu amene anachita zazikulu pa masewera. Woyamba kulembedwa anali Sir Donald Bradman wa masewera a kiriketi, ndipo mkazi woyamba anali katswiri wosambira Dawn Fraser. Opperman anali m'gulu loyambalo. Mu 1993 bungweli linayambitsa ulemu wapamwamba wotchedwa Legend of Australian Sport, ndipo Opperman anali mmodzi mwa oyamba kuulandira.

Kwa zaka zambiri bungweli lakhala likutsogoleredwa ndi anthu amene anali akatswiri iwo eni. Neale Fraser, amene anapambana mpikisano wa tenesi wa Wimbledon mu 1960, anali wapampando wake, ndipo pambuyo pake panabwera John Bertrand, amene anatsogolera boti la Australia II pamene linapambana America's Cup mu 1983. Zinthu zokumbukira mamembala ake zimaonetsedwa m'nyumba yosungira mbiri ya masewera imene ili pa bwalo la Melbourne Cricket Ground.

Ukalamba ndi imfa

Opperman anapitiriza kupalasa njinga pamsewu mpaka atakwanitsa zaka 90, pamene mkazi wake anamupempha kuti asiye poopa ngozi. Kuyambira pamenepo ankapalasa njinga yolimbitsira thupi ya m'nyumba. Anamwalira ali pa njinga imeneyo pa 18 Epulo 1996 ku Wantirna, dera la mumzinda wa Melbourne, ali ndi zaka 91.

Ku Rochester, kwawo kobadwira, kuli chipilala chomuonetsa ali pa njinga. Bungwe la opalasa mitunda italiitali la Audax Australia limachititsa ulendo wa chaka ndi chaka wotchedwa Flèche Opperman, umene timu iliyonse imayenera kupalasa makilomita osachepera 360 pa maola 24.