Ibn al-Haytham: analephera kutseka mtsinje wa Nile, koma anatulukira momwe diso limaonera

Mukakhala masana m'nyumba ya malata akale, mumaona timadontho ta dzuwa pansi, tolowera m'mabowo a misomali. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti timadontho timeneti n'tozungulira, ngakhale bowolo likhale lokhota. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, munthu wina mumzinda wa Cairo ku Egypt ankadzitsekera m'chipinda chamdima n'kumafufuza timadontho ngati timeneti, ndipo zimene anapeza zinasintha momwe anthu amamvetsera ntchito ya diso.

Dzina lake linali Abu Ali al-Hasan ibn al-Haytham. Anabadwa cha m'ma 965 ku Basra, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, ndipo anatchuka pa masamu ndi zakuthambo. Koma chimene chinamufikitsa ku Egypt ndi pakamwa. Malinga ndi Ibn al-Qifti, yemwe analemba mbiriyi patapita zaka pafupifupi 200, mkuluyu ananena kuti atapatsidwa mpata atha kumanga chinthu chowongolera madzi a mtsinje wa Nile.

Nkhani yotere siikanangodutsa. Ulimi wonse wa dzikolo unkadalira kusefukira kwa Nile chaka ndi chaka. Madzi akachepa kunkagwa njala, akachuluka ankawononga midzi ndi minda. Mawuwo anamveka kwa mfumu al-Hakim, ndipo inamuitanitsa.

Al-Hakim analowa ufumu m'chaka cha 996 ali ndi zaka 11 zokha. Ankakonda maphunziro, moti mu 1005 anatsegula nyumba yaikulu ya mabuku yotchedwa Dar al-Ilm. Koma analinso munthu wosapanganika. Anapha nduna zake zambiri, analamula kuti agalu a mumzinda aphedwe, ndipo analetsa anthu kudya mulukhiyya, ndiwo yamasamba yomwe kuno timaitcha denje. Munthu woletsa thelele sangakusekerere ukamulonjeza damu n'kulephera.

Ibn al-Haytham anapatsidwa amisiri ndipo anauyamba ulendo wotsata mtsinjewo kulowera kumwera. M'njira anaona zimphona za nyumba zamiyala zimene Aigupto akale anamanga, ndipo mtima unayamba kumugunda. Anaganiza kuti ngati anthu aluso chotere sanautseke mtsinjewo, ndiye kuti panali chifukwa. Atafika pa mathithi a kumwera kwa Aswan n'kuona kukula kwa madziwo, anadziwa kuti ntchitoyo siingatheke ndi zipangizo za nthawiyo. Anabwerera n'kukavomera pamaso pa mfumu kuti analonjeza zosatheka. Ndipo sananame. Damu loyamba ku Aswan linadzatha mu 1902, ndipo lalikulu lija mu 1970.

Mfumu siinamuphe, m'malo mwake inamupatsa ntchito mu ofesi ya boma. Iye anaona kuti kukhala pafupi ndi munthu wotere n'kusewera ndi moto, choncho anadzichititsa misala. Katundu wake analandidwa ndipo anamutsekera m'nyumba. Anakhala choncho mpaka mu 1021, pomwe al-Hakim anatuluka usiku atakwera bulu kupita ku mapiri a Muqattam ndipo sanaonekenso. Misala ija inathera pomwepo. Anakakhala pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, ndipo ankapeza chakudya pokopera pamanja mabuku a Euclid ndi Ptolemy, akatswiri akale achigiriki, n'kumagulitsa.

Ku Cairo komweko ndi kumene analemba buku lake lalikulu la Kitab al-Manazir, lofotokoza za kuwala ndi kuona, lomwe lili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri.

Nthawi imeneyo ophunzira ambiri ankatsatira Euclid ndi Ptolemy omwe aja, amene ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa cheza chomwe chimakakhudza chinthu, ngati momwe munthu wosaona amafufuzira njira ndi ndodo. Ibn al-Haytham anayambira pa zinthu zimene aliyense amazidziwa. Ukayang'ana dzuwa maso amapweteka. Ukayang'anitsitsa chinthu chowala kwambiri n'kutsinzina, chithunzi chake chimatsalabe kwa kanthawi. Zonsezi zikusonyeza kuti pali china chochokera kunja chimene chimalowa m'diso.

Koma sanakhutire ndi kuganiza chabe. Anayatsa makandulo angapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi. Pakhoma la m'kati panaoneka timadontho towala, kuchuluka kwake kofanana ndi makandulowo. Akaphimba kandulo imodzi, kadontho kake kokha kankazima, akavundukula kankabwerera. Apa anaonetsa kuti kuwala kumayenda mowongoka, komanso kuti kuwala kochokera ku zinthu zosiyanasiyana kumadutsa pabowo limodzi osasokonezana. Chofunika kwambiri n'chakuti ankalemba mmene wapangira zipangizo zake ndi mmene waziikira, kuti wina aliyense wokayika abwereze yekha. Munthu amene anatsala pang'ono kutaya moyo chifukwa cholonjeza asanayese, tsopano sankafuna kuti mawu ake akhulupiriridwe popanda kuyesa.

Mfundo yake inali yakuti kuwala kwa dzuwa kapena nyale kumagunda chinthu, kenako kuchokera pa kachigawo kalikonse ka chinthucho kumamwazikira mbali zonse, ndipo kwina kumalowa m'diso kudzera pa mwanadiso. Anawonjezera kuti kuona sikuthera m'diso. Uthenga umadutsa m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo kumeneko ndi komwe munthu amazindikira kuti ichi n'chiyani, chili patali bwanji, n'chachikulu motani, poyerekeza ndi zimene anaonapo kale.

Mfundo imeneyi ikutikhudza mpaka lero. Alipobe anthu amene amaopa kuyang'anizana ndi munthu wodwala maso ofiira poganiza kuti atengera. Diso silitulutsa cheza chilichonse chonyamula matenda. Tizilombo timayenda ndi misozi ndi manthongo kudzera m'manja, pa kansalu kopukutira kumaso kapena pa pilo. Chimodzimodzinso ng'ala: agogo amasiya kuona chifukwa kagalasi ka m'diso kachita mtambo ndipo kuwala kukulephera kudutsa. N'chifukwa chake madokotala akachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kena, ambiri amayambanso kuona.

Pa kagalasi komweka ndi pamene Ibn al-Haytham anaphonya. Potsatira Galen, dokotala wakale wachigiriki, iye ankaganiza kuti kagalasika ndi kamene kamamva kuwala. Zikanakhala choncho, kukachotsa kukanakhala kumuchititsa munthu khungu. Mu 1604 Johannes Kepler wa ku Germany anaonetsa kuti kagalasika kamangosonkhanitsa kuwala, ndipo chithunzi chimakagwera pa kansalu ka kumapeto kwa diso kotchedwa retina, chili chozondoka. Komabe Kepler anafika pamenepa poyenda m'njira yomwe mkulu wa ku Basra uja analambula.

Pa zakuthambo, analemba za kuwala kwa mwezi komanso za kadamsana. Anafotokoza kuti mwezi ukaphimba mbali ya dzuwa, kuwala kodutsa pa kabowo kakang'ono kumajambula pakhoma chithunzi chooneka ngati mwezi watsopano. Ndiye kuti timadontho ta m'nyumba ya malata tija ndi zithunzi za dzuwa lenilenilo, n'chifukwa chake timakhala tozungulira. Njirayi ndi yabwinobe kwa ana pa tsiku la kadamsana: boolani katoni ndi singano, mwana afulatire dzuwa, kuwala kudutse pabowopo n'kugwera papepala loyera, iye aziyang'ana papepalapo. Kuyang'ana dzuwa mwachindunji kumawotcha retina ngakhale mbali yaikulu itaphimbika, ndipo magalasi akuda wamba sateteza.

Analembanso buku lina lokayikira Ptolemy yemwe, munthu amene mabuku ake ankamudyetsa. Anaonetsa kuti zina mwa njira zimene Ptolemy ankafotokozera kayendedwe ka mapulaneti zinkatheka papepala pokha, osati pa zinthu zenizeni zakumwamba. Iye mwini ankakhulupirirabe kuti dziko lapansi lili pakati pa zonse, monga ankaganizira pafupifupi aliyense nthawiyo.

Anamwalira ku Cairo cha m'ma 1040. Buku lake la kuwala linamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, ndipo ku Ulaya anayamba kumutcha Alhazen. Roger Bacon wa ku England analiwerenga, ndipo mu 1572 linasindikizidwa ku Basel m'dziko la Switzerland. Ku Persia, Kamal al-Din al-Farisi analiphunzira mozama cha m'ma 1300 ndipo anafotokoza momwe kuwala kumakhotera m'madontho a mvula kuti utawaleza uoneke.

Mu 2015, chaka chomwe bungwe la United Nations linachipatula kukhala chokumbukira sayansi ya kuwala, dzina lake linali m'gulu la amene analemekezedwa. Chithunzi chomuyerekeza chinaikidwa pa ndalama yapepala ya 10,000 dinar ya ku Iraq mu 2003, ndipo pamwezi pali chigwa china chotchedwa Alhazen.