Bambo Kieffer, Wansembe wa Mavu Aang'ono

Tikamva za mavu, ambirife timaganiza za aja omanga chisa pakhonde ndi kutiluma. Koma alipo mavu ena aang'ono kuposa njere ya mawere, amene saluma munthu. Ine ndafuna kukuuzani za wansembe wina amene anatha moyo wake akuwapenda ndi kuwatcha maina. Dzina lake ndi Bambo Jean-Jacques Kieffer.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1857 m'mudzi wa Guinkirchen, m'chigawo cha Lorraine. Chigawochi chinali cha France, koma kuyambira 1871 mpaka 1918 mbali imeneyi inali m'manja mwa Germany. N'chifukwa chake Bambowa ankalemba m'Chifalansa ndi m'Chijeremani momwe. Atadzozedwa unsembe anakhala mphunzitsi wa zachilengedwe pa sukulu ya Saint-Augustin m'tauni ya Bitche, ndipo anamwalira komweko m'chaka cha 1925.

Mavu amene ankawaphunzira ali ndi khalidwe lodabwitsa. Vu wamkazi amaikira dzira lake m'thupi kapena m'dzira la kachilombo kena. Mphutsi ikaswa imadya kachilomboko mpaka kufa. M'minda ya mpunga ya ku Asia, mavu a banja la Scelionidae amaikira m'mazira a mbozi zoboola mapesi, zonga kapuchi wa m'chimanga chathu, pamene a banja la Dryinidae amagwira tizilombo toyamwa madzi a mpunga. Choncho mavuwa ndi alonda a mlimi osalandira malipiro.

Mitundu yawo ndi yochuluka zedi ndipo imafanana kwambiri. Kuti ausiyanitse mtundu wina ndi unzake, Bambo Kieffer ankayang'ana pa makina okuzira zinthu, kuwerenga mfundo za tinyanga, kuona mitsempha ya m'mapiko ndi maonekedwe a mutu. Akatsimikiza kuti mtunduwo ndi watsopano, ankaupatsa maina awiri a Chilatini, monga mwa dongosolo la Linnaeus.

Tizilomboti tinkawafika ku Bitche kuchokera kumaiko akutali. Ku Philippines kunali katswiri wa ku America, Charles Fuller Baker, amene ankaphunzitsa zaulimi ku Los Baños. Iyeyu ankagwira mavu ndi kuwatumiza, ndipo Bambo Kieffer anafotokoza mitundu yambiri yatsopano ya kuzilumbazo, ina m'magazini ya Philippine Journal of Science. Analembanso mabuku akuluakulu m'ndandanda wotchedwa Das Tierreich: la Bethylidae mu 1914, la Diapriidae mu 1916, ndi la Scelionidae limene linatuluka mu 1926, mwini wake atamwalira kale. Yunivesite ya Strasbourg inawapatsa digiri yaulemu mu 1904.

Komabe ntchito yawo inasiya vuto lina. Lamulo la akatswiri ndi lakuti kachilombo kamene kanagwiritsidwa ntchito potcha dzina kasungidwe bwino, kuti obwera m'mbuyo adzayerekeze nako. Zitsanzo zina za Bambo Kieffer zili m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Paris, koma zambiri zinatayika. Popanda chitsanzo, katswiri wa lero amavutika kudziwa ngati vu amene wagwira m'munda ndi yemweyo amene Bambowa anamulemba. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa kawirikawiri vu aliyense ali ndi tizilombo take timene amagwira. Ukalakwitsa dzina, ukhoza kuweta ndi kumwaza m'munda vu wosathandiza, mbewu n'kuonongeka ndithu.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti munthu wokhala m'tauni yaing'ono, wotanganidwa ndi Misa komanso kalasi, anathandiza anthu a ku Asia kudziwa zolengedwa za m'minda mwawo. Anzanga a m'seminale, tisanyoze phunziro la Biology kapena Chilatini poganiza kuti wansembe sadzazifuna. Ndipo ntchito imene tagwira tiziisunga mwadongosolo, kuti otitsatira adzaipeze ndi kuipitiriza.