Mbiri ya Malemu Warrington Yorke, Dotolo Amene Anafufuza Kaodzera ku Luangwa

Anthu a ku Chinyunyu ndi madera ena a boma la Rufunsa amadziwa kuopsa kwa ntchentche ya kashembe ndi matenda a kaodzera. Mmodzi mwa akatswiri amene anatsimikiza kuti ntchentcheyi ndiyo imafalitsa matendawa m'dziko la Zambia anali malemu Warrington Yorke.

A Yorke anabadwa mu 1883 mumzinda wa Lancaster ku England, ndipo anaphunzira udotolo ku Liverpool. Mu 1907 sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine inawatuma ku Nyasaland, komwe tsopano ndi Malawi, kukafufuza malungo a mkodzo wakuda.

Mu 1910 akatswiri awiri, a Stephens ndi a Fantham, anaona pa maikulosikopu kachilombo kachilendo m'magazi a munthu amene anatenga matenda m'chigwa cha Luangwa, ndipo anakatcha Trypanosoma rhodesiense. Izi zinadabwitsa madotolo, pakuti mtundu wa kashembe umene unkadziwika kuti umafalitsa kaodzera sunkapezeka m'chigwamo.

Motero mu 1911 ndi 1912 a Yorke ndi a Allan Kinghorn anagwira ntchito m'chigwa cha Luangwa. Iwo ankapima magazi a anthu ndi a nyama, komanso kutumbula ntchentche n'kuziunika pa maikulosikopu. Anatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire, Glossina morsitans, ndiye amapatsira anthu kachilomboka, ndipo anapeza tizilombo tofanana nako m'nyama monga mbawala, nswala ndi njiri. Anaonetsanso kuti kachilomboka kamakula msanga m'thupi la ntchentche kukatentha.

Atabwerera kwawo anakhala pulofesa ku Liverpool mu 1914. Kafukufuku wawo anathandiza kupeza mankhwala a pentamidine, amene akhala akugwiritsidwa ntchito pa mtundu wina wa kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa. Anamwalira mu 1943.

Kufikira lero, njira yodalirika yodziwira kaodzera wa mtundu wa Luangwa ndi kupima magazi pa maikulosikopu. Zizindikiro zake zoyamba zimafanana ndi malungo, koma akachedwa kudziwika amatha kupha m'miyezi yochepa. N'chifukwa chake munthu wolumidwa ndi kashembe, amene thupi likutenthabe atamwa mankhwala a malungo, ayenera kubwerera kuchipatala kuti magazi ake akapimidwe.