M'busa John Chilembwe ndi moto wa ku Nguludi

Pa 15 Januwale tidzakhala pa tchuthi chokumbukira M'busa John Chilembwe. Nkhope yawo ili pa K500, ndipo ena tiiponya m'mbale ya chopereka lero lomwe. Kwathu ku Nsaru, ndili mwana, tinkangowadziwa ngati ngwazi. Ndinachita kufika ku yunivesite kuti ndimve zoti anthu awo anatentha mishoni yathu ya Katolika.

A Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 anayamba ntchito pakhomo pa mmishonale Joseph Booth, amene anawabatiza n'kupita nawo ku America mu 1897. Anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, ndipo atabwerako mu 1900 anayambitsa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Kwa zaka zoposa khumi ntchito yawo inali yotsegula sukulu, kulimbikitsa ulimi ndi kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomwe chinatha mu 1913.

Koma pafupi pomwepo panali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, yomwe ankayang'anira ndi William Jervis Livingstone. Anthu kumeneko ankagwira thangata, kulima m'munda wa mzungu kuti aloledwe kukhala pamalopo, chikoti chili pamsana. Tinyumba topemphereramo ta mpingo wa a Chilembwe tikamangidwa pa esitetipo, Livingstone ankatitentha. Ife a kudera la fodya, amene tinaonapo tenanti akutha chaka m'munda n'kubwerera kwawo ndi ngongole, sitichita kufunsa kuti mtima umawawa bwanji. Kenaka mu 1914 nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani inafika ku Karonga, Amalawi n'kumafera mkangano wa eni ake. A Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zimenezi, koma boma linailetsa. Mpaka apa, ine sindipeza powanenera.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu awo anaukira Magomero. Anapha azungu atatu, ndipo Livingstone anamudula mutu mkazi wake akuona. Amayi ndi ana achizungu sanawapweteke. Anawasunga kenaka n'kuwamasula. Gulu lina linakathyola nkhokwe ya mfuti ku Mandala ku Blantyre, koma linapeza zochepa. Kutacha, Lamulungu ngati lero, a Chilembwe anatsogolera mapemphero ku Mbombwe, mutu uja utaikidwa poonekera m'tchalitchi. Pamenepa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali. Munthu anadziwa Baibulo kuposa ambiri a ife, madandaulo ake anali oona, koma mutu wa munthu unalowa m'nyumba yopemphereramo. Sindingaphunzitse ana a katekisimu kuti zimenezi zinali bwino, ngakhale wophedwayo anali wankhanza.

Pa 26 Januwale gulu lina linafika pa mishoni ya Nguludi ya ansembe a chipani cha Montfort. Bambo Swelsen anavulazidwa koopsa koma anapulumuka, mlonda mmodzi, Mmalawi mnzathu, anaphedwa, ndipo mishoni inapsa. Mlondayu sitimutchula pa 15 Januwale.

Boma la atsamunda linabwezera mopyola muyeso. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 kudera la Mulanje akuthawira ku Mozambique. Anthu pafupifupi 40 anaweruzidwa kuti aphedwe, ena pafupifupi 300 anatsekeredwa, midzi inatenthedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe n'kuphwasulidwa.

Ndikawerenga mbiri iyi ndimakumbukira Okutobala 2019 ku Msundwe, kufupi ndi kwathu, pa mikangano ya zisankho. Wapolisi anaphedwa ndi miyala, ndipo pobwezera amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa zamanyazi, mpaka khoti lalikulu linalamula mu 2020 kuti apepesedwe. Ndikhulupirira kuti ambiri a mbali zonse ziwiri anali obatizidwa, ndipo Lamulungu lotsatira anakhala m'matchalitchi.

Ku Chiradzulu udani sunapitirire kwa ana. Mu 1926 Dr Daniel Malekebu anatsegulanso mpingo wa ku Mbombwe, ndipo ulipo mpaka lero. Nguludi inamangidwanso, pano pali chipatala cha St Joseph ndi yunivesite yathu ya Katolika, kumene amalandira aliyense osafunsa kuti agogo ake anali mbali iti mu 1915.

Ndapempha Bambo Mfumu kuti pa Misa ya m'mawa wa pa 15 tidzapempherere mizimu ya onse: a Chilembwe ndi anthu awo, Livingstone ndi anzake awiri, ndi mlonda wa ku Nguludi uja. Avomera. Amene mungathe, mudzabwere.