William Kouwenhoven, injiniya amene adaphunzitsa madokotala kudzutsa mtima

Pa 9 Julayi 1960, magazini ya madokotala a ku America yotchedwa Journal of the American Medical Association, imene ambiri amangoitchula kuti JAMA, idatulutsa nkhani ya masamba anayi okha. Mutu wake udali Closed-Chest Cardiac Massage, kutanthauza kupopa mtima popanda kung'amba chifuwa. Olemba adali atatu, ndipo amene dzina lake lidali patsogolo sadali dokotala. Adali William Bennett Kouwenhoven, injiniya wa zamagetsi wa zaka 74, amene adali atapuma kale pantchito ya uphunzitsi. Masamba anayiwo ndiwo gwero la njira imene anamwino, madokotala ndi ophunzira chithandizo choyamba padziko lonse amaphunzitsidwa lero, yodinikiza pachifuwa cha munthu amene mtima wake wasiya kugunda.

Kouwenhoven adabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pa 13 Januwale 1886. Adaphunzira zamagetsi ku Polytechnic Institute of Brooklyn, kenako adapita ku Karlsruhe m'dziko la Germany kumene adatenga digiri yaukachenjede mu 1913. Chaka chotsatira adayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, ndipo adakhala pomwepo moyo wake wonse. Mu 1938 adasankhidwa kukhala mkulu wa sukulu ya uinjiniya payunivesitepo.

Chimene chidamukokera ku nkhani za mtima ndi maliro a amisiri okonza mawaya a magetsi. M'zaka za m'ma 1920 magetsi ankafalikira mofulumira m'mizinda ya ku America, ndipo amisiri okwera m'mapolo ankafa akagwidwa nyesi, nthawi zina ndi mphamvu yochepa yosawotcha n'komwe khungu. Kampani ya magetsi ya Consolidated Edison ya ku New York idapereka ndalama zofufuzira vutoli, ndipo ku Johns Hopkins ntchitoyo idagwera Kouwenhoven ndi akatswiri awiri a zathupi la munthu, Donald Hooker ndi Orthello Langworthy.

Mtima wa munthu wogwidwa nyesi kawirikawiri suima zii. Minofu yake imayamba kunjenjemera mosagwirizana, ngati anthu a m'bwato limodzi opalasa aliyense kolowera kwake, ndipo magazi amaleka kuyenda. Madokotala amati ventricular fibrillation. Pakadutsa mphindi zochepa chabe ubongo umayamba kuwonongeka. Atatuwo adayesa pa agalu ndipo adapeza kuti nyesi yachiwiri, yamphamvu kuposa yoyamba, imathetsa kunjenjemerako ndipo mtima umayambanso kugunda mwadongosolo. Adalemba zimenezi mu American Journal of Physiology mu 1933.

Komatu sadali oyamba. Mu 1899, ku Geneva m'dziko la Switzerland, Jean-Louis Prévost ndi Frédéric Battelli adali atawona kale zofananazo pa agalu, ndipo adazilemba m'Chifalansa. Zolemba zawo zidakhala m'malaibulale zaka zoposa 30 popanda dokotala wozigwiritsa ntchito pa wodwala. Mu sayansi nkhani imayenda ngati ena akuitchula m'zolemba zawo, chifukwa wophunzira watsopano amalondola m'mbuyo potsata maina amene anzake atchula. Nkhani imene palibe akuitchula imasowa ngakhale pepala lake lili lonse pashelefu. Moyo wa Kouwenhoven udakumana ndi zoterezi kawiri.

Nyesi yochiritsayo idafika kwa munthu mu 1947, pamene dokotala wa opaleshoni Claude Beck wa ku Cleveland adapulumutsa mnyamata wa zaka 14 poika zitsulo zamagetsi pamtima penipeni, chifuwa chili chotsekula. Njira imeneyo ikadathandiza chiyani mmisiri wogwa patsinde pa polo? Kouwenhoven, atapuma pantchito mu 1954, adapitiriza kafukufuku m'chipinda choyesera cha nthambi ya opaleshoni, mololedwa ndi mkulu wa nthambiyo Alfred Blalock. Cholinga chake chidali makina otchedwa defibrillator otha kupereka nyesi kudzera pakhungu. Paul Zoll wa ku Boston adamupitirira pang'ono, polengeza mu 1956 kuti wachita zimenezo pa anthu, ndipo makina a Kouwenhoven adagwiritsidwa ntchito pa wodwala ku Johns Hopkins mu 1957. Adali olemera, oyenda pa ngolo yochita kukankha. Podzafika nawo pabedi la wodwala nthawi zambiri ubongo udali utafa kale.

Panthawiyo, mtima wa munthu ukaima m'chipatala, dokotala ankatenga mpeni, kung'amba chifuwa, kulowetsa dzanja ndi kufinya mtimawo. Ndi madokotala ochepa amene ankalimba mtima kuchita zimenezo kunja kwa fiyeta, ndipo munthu wamba sakadayerekeza n'komwe.

Mu 1958, Guy Knickerbocker, wophunzira wa uinjiniya amene ankagwira ntchito pansi pa Kouwenhoven, adazindikira kanthu kakang'ono pa makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Akatsamiritsa zitsulo zolemera za defibrillator pachifuwa cha galu amene mtima wake wasiya kupopa, muyezo unkakwera pang'ono asadayatse n'komwe magetsi. Kulemera kwa zitsulozo kunkafinya mtima pakati pa fupa la pachifuwa ndi msana. Adayamba kudinikiza ndi manja mobwerezabwereza, ndipo adapeza kuti magazi amayenda mokwanira kusunga galu ndi moyo mpaka makina atafika. Adayesa pa agalu oposa 100. James Jude, dokotala wachinyamata amene ankaphunzira opaleshoni kwa Blalock, ndiye adatengera njirayo kwa anthu.

Nkhani ya mu 1960 ija idafotokoza za odwala 20, wamng'ono wa miyezi iwiri, wamkulu wa zaka 80. Mwa iwo 14 adachira n'kutuluka m'chipatala, kutanthauza 70 pa 100 aliwonse. Olembawo adatsindika kuti njirayi siyofuna chida chilichonse koposa manja a munthu, ndipo aliyense angayiyambe paliponse. Mfundo imeneyi ndiyo idachotsa ntchito yodzutsa mtima m'fiyeta n'kuyipititsa kuwodi, mu ambulansi ndi pamsewu.

Chiwerengero cha 70 pa 100 chija n'chofunika kuchiwerenga mosamala, ngakhale chabwerezedwa m'mabuku ambirimbiri. Ambiri mwa odwala oyambawo mtima udawaimira ali m'manja mwa madokotala, ena ali pa opaleshoni chifukwa cha mankhwala ogonetsa, kotero thandizo lidayamba nthawi yomweyo. Mu 1961 atatu omwewo adalembanso mu JAMA za odwala 118, ndipo amene adatuluka m'chipatala amoyo adali pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse. Nkhani yachiwiriyi ndiyo ikuyandikira zimene zipatala zakhala zikuwona kuyambira pamenepo, koma yotchuka ndi yoyamba ija. Ulemu wa olembawo uli poti adatulutsa chiwerengero chotsikacho okha, patangopita chaka chimodzi.

Kudinikiza pachifuwa kudali theka chabe la ntchito. Mumzinda womwewo wa Baltimore, Peter Safar wa pachipatala cha Baltimore City, mothandizana ndi James Elam, adali atasonyeza kale kuti kupumira munthu m'kamwa, mutu wake utaweramitsidwira kumbuyo, kumalowetsa mpweya m'mapapo kuposa njira zakale zokweza ndi kutsitsa mikono. Mu Sepitembala 1960, pamsonkhano wa madokotala a m'boma la Maryland ku Ocean City, njira ziwirizi zidaperekedwa limodzi, ndipo apo ndipo padabadwira CPR. Chaka chomwecho Asmund Laerdal, wopanga zidole wa ku Norway, adatulutsa chidole chachikulu ngati munthu chophunzitsira, chotchedwa Resusci Anne. Mu 1966 bungwe la National Academy of Sciences la ku America lidatulutsa malamulo oyamba a kaphunzitsidwe ka njirayi.

Anthu atayamba kufukula mbiri ya CPR m'pamene dzina la Friedrich Maass lidatulukira. Iye adali dokotala wachinyamata ku Göttingen m'dziko la Germany, wothandizira pulofesa wa opaleshoni Franz König. Mu 1892 adalemba mu magazini ya Berliner Klinische Wochenschrift za odwala awiri amene mtima udawaima chifukwa cha mankhwala ogonetsa a chloroform, ndipo adawadzutsa podinikiza pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira. Ngakhale iyeyo adali ndi womutsogolera, Rudolf Boehm, amene adayesa zofananazo pa amphaka m'zaka za m'ma 1870. Njira yong'amba chifuwa itatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkhani ya Maass idaiwalika pafupifupi zaka 70. Palibe angawerenge anthu amene adaikidwa m'manda m'zaka zimenezo yankho lili lolembedwa kale m'Chijeremani. Chodabwitsa n'chakuti Maass ankadinikiza ka 120 pamphindi, pamene gulu la Kouwenhoven lidalangiza ka 60. Malamulo a lero amati ka 100 mpaka 120, kulowa pansi masentimita 5 mpaka 6 pa munthu wamkulu, ndiye pa liwiro woiwalikayo ndiye adalondola.

Kodi n'chifukwa chiyani ya Kouwenhoven idamveka pamene ya Maass idazilala? Idatuluka m'Chingerezi, mu magazini yofika m'manja mwa madokotala ochuluka a ku America. Idali ndi miyezo ya kuthamanga kwa magazi imene wina aliyense akadatha kubwereza. Padalinso defibrillator yomalizitsa ntchito, chinthu chimene Maass adalibe. Ndipo olemba ake sadakhale pansi kudikira owerenga: adayenda m'mizinda kuphunzitsa madokotala, anamwino ndi ozimitsa moto. Idatulukanso panthawi imene kuwerenga katchulidwe ka zolemba kunkayamba, pakuti Eugene Garfield adapereka ganizolo mu 1955 ndipo kaundula wake wa Science Citation Index adayamba kutuluka mu 1964. Lero mayunivesite amakweza aphunzitsi pantchito poyang'ana ziwerengero zoterezi, kuphatikizapo muyezo wa h-index umene Jorge Hirsch adayambitsa mu 2005. Muyezo umenewo ukadamupeza Maass ali wopanda pake, ndipo Knickerbocker, amene maso ake ndiwo adawona kukwera kwa muyezo wa magazi, dzina lake lili kumapeto kwa olemba atatuwo.

Ulemu udamupeza Kouwenhoven ali wokalamba. Mainjiniya anzake adamupatsa mendulo ya Edison mu 1961. Mu 1969 yunivesite ya Johns Hopkins idamupatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zamankhwala, koyamba m'mbiri ya sukuluyo, munthu amene sadaphunzirepo udokotala. Mu 1973 adalandira mphoto ya Albert Lasker pamodzi ndi Paul Zoll, yemwe uja adapikisana naye pa makina a nyesi. Adamwalira ku Baltimore pa 10 Novembala 1975 ali ndi zaka 89. Mu 1984 JAMA idasindikizanso masamba anayi aja monga adalili, pamndandanda wa nkhani zake zikuluzikulu za zaka 100.