Lon Chaney: Mwana wa makolo osamva yemwe adalankhula ndi nkhope

Anthu omwe adapita kukaonera filimu ya The Phantom of the Opera mumzinda wa New York mu September 1925 sadadziwe chomwe akakumane nacho. Kampani ya Universal, yomwe idakonza filimuyi, idabisa dala zithunzi za nkhope ya mpangankhani wamkulu. Chophimba kumaso chake chitachotsedwa pakanemapo, anthu ambiri adakuwa ndi mantha.

Nkhope yoopsayo idali ya katswiri wa zisudzo Lon Chaney, ndipo adaikonza yekha.

Chaney adabadwa pa 1 April 1883 ku Colorado Springs, m'dziko la America. Bambo ndi mayi ake onse adali osamva, choncho kuyambira ali wamng'ono ankacheza nawo pogwiritsa ntchito manja, maso ndi thupi lonse. Mayi ake atadwala nyamakazi mpaka kugona pansi, iye adasiya sukulu kuti aziwasamalira. Zochitika kunja ankawafotokozera pochita ngati sewero pambali pa bedi lawo.

Luso lakelo lidamulowetsa m'magulu a zisudzo oyendayenda m'chaka cha 1902. Adakwatira woimba wina ndipo mu 1906 adabereka mwana wamwamuna. Koma banjalo silidayende bwino. Mu 1913 mkaziyo adamwa mankhwala oopsa m'nyumba ya zisudzo ku Los Angeles. Adapulumuka, koma mawu ake oimbira adaonongeka ndipo banja lidatha. Mbiriyi itawanda, Chaney adasowa ntchito m'zisudzo, n'kupita kukayesa mwayi kumafilimu.

Nthawi imeneyo mafilimu adalibe mawu. Wosewera ankayenera kuonetsa chisoni, mkwiyo kapena chikondi osatulutsa liwu. Kwa ena idali ntchito yowawa, koma kwa Chaney ichi chidali chiyankhulo cha kwawo.

Iye ankayenda ndi kabokosi ka zodzoladzola komwe kankamusandutsa nkhalamba, wolumala kapena chigawenga. Mufilimu ya The Penalty ya 1920 adapinda miyendo yake n'kuimangirira kumbuyo kuti aoneke ngati woduka miyendo. Mu 1923 adasewera ngati munthu walinunda mu The Hunchback of Notre Dame. Anthu adafika pomutcha munthu wa nkhope chikwi.

The Phantom of the Opera idachokera m'buku lomwe Gaston Leroux wa ku France adatulutsa mu 1910. Ndi nkhani ya Erik, katswiri wa nyimbo wa nkhope yopunduka, yemwe amabisala kunsi kwa nyumba yaikulu yoimbiramo ku Paris. Erik amaphunzitsa mtsikana Christine kuimba ndipo amamukonda kwambiri, koma mtima wa mtsikanayo uli pa mnyamata wina, Raoul. Nsanje itamukulira, Erik amamuba Christine n'kupita naye kunsi komwe amakhala.

Pofuna kufanana ndi Erik wa m'bukumo, Chaney adakokera mphuno yake m'mwamba, adadetsa m'mbali mwa maso kuti aoneke olowa, n'kuvala mano oonongeka. Adaoneka ngati chibade choyenda. Malo omwe Christine, yemwe adali Mary Philbin, amanyang'ama kumbuyo kwa Erik akuimba limba n'kumuvula chophimbacho, mpaka lero amakumbukiridwa m'mbiri ya mafilimu.

Komabe Erik wa Chaney sadali chilombo chabe. Manja ake ndi kayendedwe kake zinkaonetsa munthu wosungulumwa, wofuna kukondedwa ngati wina aliyense. Mwana yemwe adakula ndi makolo omwe ambiri sankatha kucheza nawo ankadziwa bwino moyo wa munthu wosalidwa. M'buku Erik amamumasula Christine n'kufa ndi chisoni, pomwe mufilimu chikhamu cha anthu chimamupha n'kumuponya mumtsinje wa Seine.

Mafilimu a mawu atayamba, Chaney adazengereza kulowamo. Adapanga imodzi yokha, The Unholy Three, mu 1930, ndipo adadabwitsa anthu posinthasintha mawu ake. Koma apa n'kuti akudwala khansa. Adamwalira pa 26 August chaka chomwecho ali ndi zaka 47.

Mwana wake adatsata mapazi ake n'kutchuka ndi dzina la Lon Chaney Jr. Thupi la malemuyu lili kumanda a Forest Lawn ku Glendale, ndipo pamalo pomwe adagona sipadalembedwe dzina.